Ziwerengero za Nyanja ndi Omanga Maulalo

Msewu wa m'mbali mwa nyanja, umene pa mapu ulembedwa M5, udzera ku Salima, ku Nkhotakota, ku Dwangwa, ku Kande ndi ku Chintheche, nukatembenukira ku Mzuzu pafupi ndi Nkhata Bay. Munthu woyenda pa msewu umenewu aoloka mitsinje yotsika ku mapiri a Viphya, monga Dwambazi ndi Luweya, ndiponso timifuleni tosawerengeka timene m'chirimwe tingokhala mchenga wokhawokha. Pa mtsinje uli wonse pali ulalo, ndipo pa kamfuleni kali konse pali kalavati pansi pa phula. Ulalo uli wonse ndi yankho la funso limodzi: kodi madzi adzafika pati tsiku limene mtsinjewu udzakwiya koposa? Womangayo sangaliyembekeze tsikulo kuti aone ndi maso. Kapena lidzafika iye atagona kale. Akamanga ulalo wam'munsi, madzi adzaukokolola, ndipo mudzi wa tsidya lija udzakhala wopanda njira ya ku chipatala. Akamanga wautali kopambana, ndalama zimene zikadamanga chipatalacho zathera m'simenti. Yankho ayenera kulifuna m'mabuku momwe anthu ena, zaka zambiri zapitazo, analemba msinkhu wa madzi ndi kuchuluka kwa mvula.

Chifukwa chake anyamata ndi atsikana ophunzira nchito yomanga misewu, maulalo, madamu ndi mipope ya madzi, monga aja a ku Malawi University of Business and Applied Sciences ku Blantyre, sukulu imene kufikira 2021 inkatchedwa Polytechnic, sathera nthawi yao yonse pa simenti ndi zitsulo. Gawo lalikulu la maphunziro ao liri pa ziwerengero. M'masukulu aukachenjede a maiko ambiri phunziro limeneli lakula kwambiri m'zaka zino, nilandira dzina la Chingerezi lakuti data science. Dzinalo lingaopse munthu, koma tanthauzo lake nlapafupi: ndilo luso lotolera zimene anthu anayeza ndi kulemba, kuzipeta monga mai apeta mpunga, ndi kuzifunsa mafunso kufikira zitaulula chimene zidziwa ndi chimene sizidziwa. Kompyuta ithandiza pakuti ziwerengerozo zichuluka, koma lusolo likhala m'mutu mwa munthu. Mphunzitsi wa ku pulayimale angafunse kuti zimenezi zimkhudza bwanji iye. Zimkhudza ndithu, popeza makhalidwe amene injiniya afunika kukhala nao, kuyeza mosamala, kulemba zoona, ndi kukayika nambala yooneka yokongola, sabadwa nao munthu, ndipo akasowa kuwaphunzira ali mwana avutika kuwatola atakula.

Nyanja ngati buku

Palibe buku lophunzitsira luso limeneli loposa nyanja imene ana a ku Chintheche asambamo. Msinkhu wa Nyanja ya Malawi wakhala ukulembedwa kuyambira 1896. Uyezedwa ku Chilumba, ku Nkhata Bay ndi ku Monkey Bay, pa ndodo zolembedwa manambala zozikidwa m'madzi, ndipo uwerengedwa m'mamita kuchokera pa msinkhu wa nyanja yamchere. Chaka chiri chonse madzi akwera m'dzinja, nafika pamwamba penipeni m'mwezi wa April kapena May, natsika pang'onopang'ono kufikira November kapena December. Kukwera ndi kutsika kumeneku, kumene kawirikawiri kuli pafupi ndi mita imodzi, msodzi ali yense akudziwa, pakuti ndiko kumuuza pokocheza bwato lake. Chimene msodzi sangachione m'chaka chimodzi ndicho kuyenda kwina kwa nyanja, kumene kutenga moyo wa munthu wathunthu.

Mphunzitsi wochenjera sapatsa ophunzira ake buku lonse pa tsiku loyamba. Awapatsa zaka 30 zokha, kuyambira 1990 kufikira 2020, nawauza kuti asankhe msinkhu woyenera kumangapo doko kapena nyumba ya alendo pa gombe la Chintheche. M'zaka zimenezo madzi anayenda pakati pa mamita pafupifupi 473 ndi 476. Ophunzirawo aonkhetsa, agawa, apeza nambala ya pakatikati imene ambiri aitcha avereji, ajambula galafu yokongola, nanena molimba mtima kuti nyanja aidziwa. Pamenepo mphunzitsi atsegula masamba otsala. Mu 1980 madzi anapitirira mamita 477. Mu 1915 anatsika kufikira pafupi ndi mamita 470, ndipo mtsinje wa Shire, umene uli khomo lokhalo lotulukira madzi a m'nyanja, unaleka kuyenda. Mchenga ndi bango zinatseka khomolo ku Mangochi, kumene masiku amenewo kunkatchedwa Fort Johnston, ndipo madzi sanatulukenso kufikira 1935. Sitima ya Ilala yoyamba ija inalowa m'nyanja mu 1875 podzera m'Shire. Zaka 40 pambuyo pake njira yomweyo inali itafa. Pakati pa 1915 ndi 1980 pali mamita 7, msinkhu woposa nyumba ya sukulu pamodzi ndi denga lake.

Doko la ophunzira aja likadamira m'chaka china, ndipo m'chaka china likadaima pa mchenga wouma kutali ndi madzi. Masamu ao analibe cholakwa. Cholakwa chinali kukhulupirira kuti zaka 30 zinaona zonse zimene nyanja itha kuchita. Ndipo si ophunzira okha agwa m'dzenje limeneli. Mu 2024 nyanja inapitirira mamita 476, nilowa m'nyumba, m'minda ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay. Zambiri mwa nyumba zimenezo zinamangidwa m'zaka za madzi ochepa, pa mchenga umene eni ake anauyesa mtunda. Pa gombe lotsetsereka pang'onopang'ono, pamene munthu ayenda mamita 20 kuti atsike mita imodzi, nyanja ikakwera mita imodzi yokha yadya mamita 20 a dziko.

Nchifukwa ninji nyanja ichita chotero? Madzi alowa m'nyanja mwa njira ziwiri, mvula yogwera pa nyanja penipeni ndi mitsinje. Atuluka mwa njira ziwirinso, Shire ndi nthunzi. Anthu ambiri ayesa kuti Shire ndiye atenga madzi ochuluka, koma akatswiri awerengera kuti dzuwa ndi mphepo zitenga pafupifupi magawo anai mwa asanu, ndipo Shire angolandira otsala. Tsono msinkhu wa nyanja uli ngati nkhokwe ya banja limene likolola matumba 50 pa chaka nilidya 49. Zokolola zikachepa ndi matumba awiri okha, chinthu chimene mlendo sangachizindikire poona munda, banjalo laleka kusunga ndipo layamba kudya za chaka chatha. Zikatero zaka khumi zotsatizana nkhokwe ioneka pansi. Nyanja iri ndi makilomita pafupifupi 29,000 m'bwalo lake lonse, kotero kuti sentimita imodzi ya msinkhu wake ndi madzi okwana makyubiki mita 290 miliyoni. Nkhokwe yotere siidzala m'dzinja limodzi, ndipo siitha m'chirala chimodzi. Msinkhu wa chaka chino usenza mvula ya zaka zapitazo.

Mfundo imeneyi inaunikidwa bwino ndi Mngerezi wina, Harold Edwin Hurst, amene anatha zaka zambiri za moyo wake akuyeza mtsinje wa Nile. Ku Cairo kuli chitsime choyezera madzi chimene msinkhu wa Nile unalembedwapo kwa zaka mazana ambiri, ndipo Hurst, posanthula zolembedwa zotere, anaonetsa mu 1951 kuti zaka za madzi ambiri zikonda kutsatana, ndi zaka za madzi ochepa chimodzimodzi. Ophunzira Baibulo adzakumbukira zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu ndi zisanu ndi ziwiri za njala m'masiku a Yosefe. Akatswiri ena anatchadi khalidwe limeneli ndi dzina la Yosefe. Kwa Malawi nkhaniyi si ya m'buku chabe. Magetsi ambiri a dziko lino achokera pa Shire, ku Nkula kumene makina oyamba anayamba kugwira nchito mu 1966, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Chotchinga madzi cha ku Liwonde, Kamuzu Barrage, chinamangidwa mu 1965 kuti chizisunga ndi kutulutsa madzi mwa muyeso. Pamene nyanja inatsika mu 2016 ndi 2017, mizinda inakhala mumdima maola ambiri pa tsiku. Chotchingacho chingachedwetse madzi amene alipo, koma sichingalenge amene palibe, ndipo injiniya amene sanamve za 1915 sadzaganiza konse zofunsa chimene chidzachitika Shire akadzaimanso.

Kupeta ziwerengero

Anthu ogwira nchito imeneyi anena kuti nthawi yao yambiri ithera pa kupeta, ndipo kusanthula kwenikweni kutenga nthawi yochepa. Ophunzira sakonda gawo limeneli, pakuti liribe ulemerero, koma ndipo pagona maulalo ambiri. Buku la mvula la pa siteshoni ina lingaonetse 0 masiku 14 otsatizana pakati pa February. Kodi kunali ng'amba, kapena woyezayo anapita ku maliro, ndipo pobwerako anachita manyazi kusiya mizere yopanda kanthu? Ziro atanthauza kuti munthu anapita, nayang'ana, napeza choyezera chiri chouma. Mzere wopanda kanthu utanthauza kuti palibe anayang'ana. Kompyuta siidziwa kusiyana kwake ngati wolembayo sanasiyanitse, ndipo idzaonkhetsa bodzalo mokhulupirika pamodzi ndi zoona. Wophunzira aphunzitsidwa kuyerekeza bukulo ndi la siteshoni yoyandikana nayo, kuti aone ngati kumenekonso kunali dzuwa.

Chinyengo china chioneka pa masiku a sabata. Mphunzitsi angauze ophunzira kuti aonkhetse mvula ya Lolemba lokha, ya Lachiwiri lokha, ndi kutero mpaka Lamulungu. Mitambo siidziwa kalendala, choncho masiku onse ayenera kufanana pang'ono. Koma pa siteshoni zina mvula ya Lolemba ichuluka modabwitsa, ndipo ya Loweruka ndi Lamulungu isowa. Chachitika nchakuti madzi a masiku atatu anayezedwa m'mawa umodzi nalembedwa ngati a tsiku limodzi. Kwa mlimi cholakwachi nchaching'ono, popeza mvula ya mwezi wonse siisintha. Kwa womanga kalavati nchachikulu, chifukwa iye afuna kudziwa mvula yaikulu ya tsiku limodzi, ndipo apa walandira tsiku limene silinakhaleko.

Palinso nkhani ya miyeso. Mabuku akale a m'dziko muno analembedwa m'mainchi ndi m'mafiti, atsopano m'mamilimita ndi m'mamita, ndipo inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Wokopera amene sanazindikire chaka chimene muyeso unasintha adzapeza chirala choopsa chimene sichinagwe. Ngakhale poyambira kuwerenga msinkhu pangasokoneze akatswiri enieni. Pa mtsinje wa Rhine, pa mudzi wa Laufenburg, anthu a ku Germany ndi a ku Switzerland anamanga ulalo umodzi, ena kuchokera tsidya lino, ena tsidya lija. Maiko awiriwa awerenga msinkhu kuchokera ku nyanja zamchere zosiyana, ndipo kusiyana kwake ndi masentimita 27. Omangawo anadziwa zimenezi, koma pokonza anaonjeza pamene panafunika kuchotsa, ndipo mbali ziwirizo zinasemphana ndi masentimita 54. Anayamba akonza mbali imodzi ulalowo usanatsegulidwe mu 2004. Ku nyanja ya kuno mphepo nayo inyenga. Mwera ukaomba masiku angapo ukankhira madzi kumpoto, kotero kuti ndodo ya ku Chilumba ndi ya ku Monkey Bay sizinena chimodzi, ngakhale m'nyanja simunalowe dontho. Nchifukwa chake kuli bwino kukhala ndi ndodo zitatu m'malo otalikirana.

Chigumula cha zaka 50

Ziwerengero zikapetedwa, funso la ulalo lija libweranso. Apa avereji, imene ana a sukulu aiphunzira msanga ndi kuikonda, ithandiza pang'ono chabe. Miyezi iwiri ingalandire mamilimita 300 uli wonse. M'mwezi woyamba mvula inagwa mamilimita 10 tsiku liri lonse, chinangwa ndi mpunga zinakondwa, ndipo msewu sunamve kanthu. M'mwezi wachiwiri inagwa usiku uwiri wokha, mamilimita 150 usiku uli wonse, ndipo makalavati anatsekeka ndi mitengo. Avereji ya miyezi iwiriyi ndi imodzi. Boma la Nkhata Bay liri pakati pa madera a mvula yochuluka koposa m'Malawi, mamilimita oposa 1,500 pa chaka m'malo ambiri, ndipo ndicho chifukwa chake mphira amera ku Vizara ndi tiyi ku Kawalazi. Koma chimene chigwetsa ulalo si mvula ya chaka, ndi mvula ya maola ochepa yogwera pa nthaka yokhuta kale.

Tsono wophunzira atola nambala imodzi yokha m'chaka chiri chonse, ya tsiku limene mtsinje unakwera koposa. Akakhala ndi zaka 19, andandika manambala 19 amenewo kuyambira yaikulu kufikira yaing'ono. Njira imodzi yodziwika, imene itchedwa ndi dzina la Waloddi Weibull wa ku Sweden, ndiyo kuonjeza 1 pa chiwerengero cha zaka ndi kugawa ndi malo a nambalayo pa mndandanda. Yoyamba ipatsa 20 kugawa ndi 1, ndiye kuti madzi otere ayembekezeka kamodzi pa zaka 20. Yachiwiri ipatsa zaka 10. Yachikhumi ipatsa zaka 2. Mwana wa Sitandade 7 atha kuchita masamu amenewa. Chovuta chiyamba pamene Boma lifuna ulalo wopirira chigumula cha zaka 50 kapena 100, pamene buku liri ndi zaka 19 zokha. Pamenepo wophunzira aphunzira njira zotalikitsira mzere wa pa galafu kupyola pamene ziwerengero zalekezera, monga zija anazilongosola Emil Gumbel m'buku lake la 1958. Njirazo nzabwino, koma mphunzitsi woona mtima aumiriza ophunzira ake kulemba manambala awiri pambali pa yankho lao, lam'munsi ndi lapamwamba, osonyeza kukula kwa chikayiko. Yankho lopanda chikayiko chake nlokoma kuliwerenga pa msonkhano, ndipo nloopsa kumangapo.

Mau akuti chigumula cha zaka 50 asokeretsa anthu ambiri, ngakhale akuluakulu a m'maofesi. Anthu ayesa kuti chikabwera chaka chino, apumula zaka 49. Tanthauzo lake lenileni lioneka bwino ndi maere. M'thumba muikidwe njere za chimanga 50, zoyera 49 ndi yofiira imodzi. Chaka chiri chonse mtsinje upisa dzanja nutola njere imodzi, ndipo njereyo ibwezedwa m'thumba chaka china chisanafike. Yofiira ingatuluke zaka ziwiri zotsatizana. Ingabisalenso zaka 80. Akawerengera bwino, ulalo umene uyenera kukhala zaka 50 uli ndi mpata wokwana 64 pa 100 wokomana ndi chigumula chimenechi kamodzi kapena koposa. Chimodzimodzi mwana woyamba Sitandade 1 pa sukulu ya tsidya la mtsinje ali ndi mpata wokwana 57 pa 100 woona chigumula cha zaka 10 asanamalize Sitandade 8. Thumba la njereli liyenera mitsinje yaing'ono, imene iiwala msanga mvula ya chaka chatha. Siliyenera nyanja, imene monga taonera pa nkhani ya nkhokwe ikumbukira. Wophunzira wodziwa kusiyanitsa ziwirizi wapambana mnzake wodziwa kulemba malamulo ambiri a kompyuta.

Za kompyutazo pafunika mau ochepa. Ophunzira a masiku ano aphunzira zinenero zolamulira makina, monga Python ndi R, ndipo nchito imene kale inkatenga kalaliki mwezi wathunthu aichita m'kamphindi. Alinso ndi ziwerengero za mvula zochokera ku masetilaiti, monga zija zotchedwa CHIRPS zimene ziyambira mu 1981, zothandiza kumene kulibe choyezera. Pali njira zimene makina aphunzira okha kuchokera ku zitsanzo, nalosera za mawa. Koma makina ophunzitsidwa ndi zaka za 1990 kufikira 2020 ali ngati ophunzira a doko aja: sanaone Shire ataima, ndipo sadzalota za icho. Setilaiti nayo iyerekeza mvula poona mitambo kuchokera kumwamba, ndipo iyenera kuongoledwa ndi choyezera cha pansi chimene munthu wina anachitsanula m'mawa. Komanso zakale sizilonjeza zam'tsogolo. Phiri likadulidwa mitengo, mvula yomweyo ifika ku mtsinje msanga ndi mwaukali. Ndipo namondwe wa Freddy mu March 2023 anagwetsa m'chigawo cha kumwera mvula imene maulalo ambiri sanamangidwe kuti aipirire.

Mitsinje yambiri yaing'ono ya pakati pa Kande ndi Usisya iribe ndodo yoyezera. Injiniya wofika pa mtsinje wotere, akakhala wophunzitsidwa bwino, asiya galimoto nakapereka moni kwa mfumu, napempha kuti akulu a m'mudzi amuonetse pamene madzi anafika. Agogo wina aloza mphanda ya mkuyu, nanena kuti madzi anafika apo chaka chimene mwana wake woyamba anabadwa. Umenewo ndi umboni, ndipo uyenera kupetedwa monga umboni wina uli wonse: chakacho chifufuzidwe, anthu ena awiri kapena atatu afunsidwe pa okha, msinkhu wa mphandayo uyezedwe. Wophunzira wonyoza mau a nkhalamba chifukwa sanalembedwe ataya zaka 60 za buku limene sakadalipeza kwina. Ndipo kuti amve bwino afunika chinenero cha anthuwo, Chitonga ku Chintheche, Chichewa ku Nkhotakota.

Zinenero zimenezi zasiyanitsa kale zinthu zimene injiniya azisiyanitsa ndi manambala. Mchewa sanena mvula chabe. Adziwa chizimalupsa, imene igwa pa nthaka youma nimwedwa yonse. Adziwa mvumbi, wogwa masiku osalekeza kufikira nthaka itakhuta. Adziwa mvula ya mkuntho, yaifupi ndi yaukali. Adziwa mawawa, ongonyowetsa fumbi. Mvumbi wotsatidwa ndi mvula ya mkuntho ndiwo uopsa ulalo koposa. Mphunzitsi wophunzitsa za nyengo achita bwino kuyamba ndi mau amenewa, ndi kufunsa ana a ku nyanja mau a Chitonga ofanana nao, asanatchule milimita.

Chitini pa bwalo la sukulu

Sukulu iri yonse itha kukhala ndi choyezera mvula popanda kugula kanthu. Chifunika chitini cha mbali zoongoka, chimene kukamwa kwake ndi pansi pake nzofanana kukula, pakuti m'chitini chotere kuya kwa madzi ndiko kuchuluka kwa mvula. Chiikidwe poyera, chokhazikika bwino, kutali ndi denga ndi mitengo. Mtengo wa mango ukakhala wa mamita 5, chitini chitalikire mamita 10 kapena koposa. M'mawa uli wonse, pa ola lomwelo, ana awiri aviike rula, awerenge mamilimita, alembe m'buku tsiku, nambala ndi maina ao, ndipo atsanule madziwo. Ana awiri aposa mmodzi, chifukwa akasiyana powerenga aphunzira kuti kuyeza kuli ndi chikayiko. Mphunzitsi asakonze nambala yooneka yachilendo, aifunse. Ndipo asalange mwana amene anaiwala kuyeza, pakuti mwana wolangidwa chotero adzaphunzira kupeka nambala, ndipo khalidwe limenelo adzapita nalo ku ofesi.

Bukulo likayamba kudzala, masamu atuluka okha. Milimita imodzi ya mvula pa bwalo la mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi ndi lita imodzi ya madzi. Denga la chipinda cha mamita 20 m'litali ndi 8 m'lifupi, mvula ikagwa mamilimita 50, litsitsa malita 8,000, ndiwo ndowa 400 za malita 20. Ana akamva nambala imeneyi atuluka kukaona kumene madziwo anapita, napeza ngalande imene yakumbika kuseri kwa kalasi. Pamenepo afunsa okha kuti nanga phiri lonse litsitsa ndowa zingati, ndipo funso limenelo ndilo la womanga kalavati. Pakutha pa mwezi apeze avereji, koma alembenso tsiku la mvula yaikulu koposa, nayerekeze ziwirizo. Sukulu ya pa gombe ingasankhe mwala waukulu kapena mtengo wosasunthika, niyeza Lachisanu liri lonse mapazi a pakati pa mwalawo ndi madzi, posankha m'mawa wopanda mafunde.

Vuto lalikulu ndi tchuthi. Tchuthi cha Khirisimasi chigwa mvula itayamba, ndipo cha Pasaka chigwa m'nyengo imene ku Nkhata Bay mvula ichuluka koposa, m'miyezi ya March ndi April. Mphunzitsi apangane ndi mwana wokhala pafupi ndi sukulu, kapena ndi mlonda, kuti aziyeza masiku amenewo. Zikakanika, mizere ya masikuwo ilembedwe kuti sikunayezedwe, ndipo madzi opezeka m'chitini pa tsiku lotsegulira alembedwe pamodzi ndi chiwerengero cha masiku amene anaunjikana. Mphunzitsi akasamutsidwa, bukulo litsale m'kabati ya sukulu, ndipo pa chikuto chake palembedwe malo enieni pamene chitini chiima ndi tsiku limene chinaikidwapo.